Matenda a celiac ndi zimene zimachitika m'thupi munthu akasiya gluten

Matenda a celiac ndi vuto limene chitetezo cha m'thupi chimaononga m'kati mwa matumbo aang'ono munthu akadya gluten, puloteni yopezeka mu tirigu, barele ndi mbewu ya rye. Padziko lonse pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 100 alionse ali nawo, ndipo ambiri sadziwa. Chithandizo chodalirika ndi chimodzi chokha, kusiyiratu gluten moyo wonse. Popeza chithandizochi sichifuna jakisoni kapena mapilitsi, anthu ambiri odzikayikira amangochiyamba okha kunyumba. Amasiya buledi, mandasi ndi mabisiketi, n'kumadikira kuti thupi liwauze ngati analidi ndi matendawa. Thupi limasinthadi, koma kusinthako n'kovuta kukumasulira. Ena amapeza bwino alibe celiac. Ena ali nayo koma miyezi imatha m'mimba mukuwawabe. Ndipo onsewa amakhala atasokoneza njira zimene madokotala amadalira poyeza matendawa.

Mmene matendawa amaonongera matumbo

M'kati mwa matumbo aang'ono muli tinthu tating'onoting'ono tambirimbiri totchedwa villi, toima ngati ubweya wa thaulo. Ntchito yake ndi kuyamwa zofunika za m'chakudya kuti zilowe m'magazi. Gluten sagayika yense m'mimba mwa munthu aliyense, koma kwa anthu ambiri zidutswa zotsalazo zimangodutsa popanda vuto. Kwa munthu wa celiac, zidutswazi zikalowa m'khoma la matumbo zimakumana ndi enzaimu yotchedwa tissue transglutaminase, imene imazisintha mwakuti chitetezo cha m'thupi chimaziona ngati mdani. Matumbo amatupa, ma villi amafupika mpaka kuphwa, ndipo thupi limayamba kupanga maantibodi olimbana ndi enzaimu yake yomwe. Maantibodi amenewa ndiwo amapezeka poyeza magazi.

Chibadwa chili ndi gawo lalikulu. Pafupifupi odwala onse ali ndi majini otchedwa HLA-DQ2 kapena HLA-DQ8, ngakhale kuti pakati pa anthu a ku Ulaya majini omwewa amapezeka mwa anthu 30 mpaka 40 pa 100 alionse, ndipo ochepa okha ndiwo amadwala. Mwana, kholo kapena m'bale wa bere limodzi wa wodwala ali ndi mwayi wa pafupifupi 1 pa 10 wokhala nawo. Amapezekanso kwambiri mwa anthu a matenda a shuga a mtundu woyamba, a matenda ena a chithokomiro ndi a Down syndrome.

Zizindikiro zodziwika ndi kutsegula m'mimba, chimbudzi chotuwa ndi chonunkha kwambiri, kufufuma mimba, kuwonda, ndi kupinimbira kwa ana. Koma akuluakulu ambiri safika kuchipatala ndi vuto la m'mimba. Amafika ndi kuchepa magazi kosamva mankhwala a ayironi, kutopa kosatha, zilonda za m'kamwa, dzanzi m'manja ndi m'mapazi, mafupa osalimba, kapena kupita padera mobwerezabwereza.

Umboni woyamba unachokera ku njala

Dokotala wa ku London, Samuel Gee, analongosola matendawa bwino mu 1888 ndipo anaona kuti chithandizo chake chiyenera kukhala m'chakudya, koma sanadziwe chakudya cholakwacho. Amene anachitulukira ndi Willem Karel Dicke, dokotala wa ana wa ku Netherlands, amene anayamba kukayikira tirigu m'zaka za m'ma 1930. M'nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945, nkhondo itabweretsa njala yoopsa m'dzikomo ndipo buledi atasowa, ana a celiac amene iye ankawasamalira anayamba kupeza bwino. Buledi atabwerera anadwalanso. Mu 1950 Dicke anapereka zotsatira za kafukufuku wake ku yunivesite ya Utrecht. Chofunika kuchiona pa ntchito yake n'chakuti sanakhutire ndi kuona ana akupeza bwino. Iye ndi anzake ankayeza mafuta otuluka m'chimbudzi cha anawo, powapatsa tirigu ndi powachotsera, kufikira atatsimikiza kuti vuto lili mu gluten osati mu sitachi.

Masabata oyambirira

Kwa munthu amene alidi ndi celiac, zizindikiro za m'mimba ndizo zimayamba kuchepa. Kafukufuku wa ku America wa mu 2004, wokhudza odwala 215, anapeza kuti kutsegula m'mimba kunkayamba kuchepa m'masiku ochepa mwa ambiri, ndipo kunkatha pakapita pafupifupi masabata 4. Kufufuma ndi kupweteka m'mimba kumatsatira. Ana amasintha moonekeratu: amayamba kufuna chakudya, amasiya kulira pafupipafupi, ndipo m'miyezi yotsatira amanenepa ndi kukula mofulumira.

Komabe masabata amenewa sakhala okoma kwa onse. Dandaulo lofala kwambiri ndi kudzimbidwa. Munthu amene ankapeza gaga wambiri mu buledi wa bulauni ndi zakudya zina za tirigu akasinthira ku mpunga woyera ndi zakudya za m'sitolo zolembedwa kuti zilibe gluten, zimene nthawi zambiri zimapangidwa ndi sitachi wa mpunga, chimanga kapena chinangwa, chimbudzi chimauma. Ena pofuna kukonza zimenezi amachulukitsa nyemba ndi zipatso mwadzidzidzi, ndiye mpweya umadzaza m'mimba. Ena amamva njala pafupipafupi, mutu ndi kufooka. Anthu amakonda kunena kuti ndi thupi likulakalaka gluten monga amachitira munthu wosiya fodya, koma palibe umboni wa sayansi wotsimikiza zimenezi. Chifukwa chosavuta kumva n'chakuti munthu amene wachotsa zakudya zambiri nthawi imodzi, asanaphunzire zolowa m'malo mwake, amangodya zochepa kuposa zimene thupi likufuna.

Kunenepa nakonso kumadabwitsa ambiri. Matumbo akayamba kuchira amayamwa chakudya chimene kale chinkangodutsa, ndipo mabisiketi ndi buledi wopanda gluten nthawi zambiri amakhala ndi mafuta ndi shuga wambiri. Kwa wodwala wowonda ichi ndi chizindikiro chabwino. Kwa amene anali wonenepa kale ndi nkhani yofunika kuiyang'anira.

Palinso chinthu china chimene chimasokoneza anthu. Munthu wa celiac amene wakhala miyezi osadya gluten akamudya mwangozi, thupi limatha kuchita mwamphamvu kuposa kale, ndi nseru komanso kusanza m'maola awiri oyambirira. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2019 anaonetsa kuti chizindikiro cha chitetezo cha m'thupi chotchedwa interleukin-2 chimakwera m'magazi pasanathe maola 4, ndipo chimakwera kwambiri mwa amene asanza. Koma odwala ena samva chilichonse ngakhale matumbo akuonongeka, choncho kusamva ululu si chilolezo chodya.

Kuchira kwa m'kati kumachedwa

Zizindikiro, magazi ndi matumbo siziyendera limodzi. Maantibodi amayamba kutsika m'masabata oyambirira, ndipo mwa ambiri amafika pa mlingo wabwino pakati pa miyezi 6 ndi chaka chimodzi, ena mpaka zaka 2. Ma villi amachedwa kuposa pamenepo. Mwa ana pafupifupi onse amakhala atachira pofika zaka 2, koma kwa akuluakulu nkhani ndi ina. Mu 2010 Alberto Rubio-Tapia ndi anzake ku chipatala cha Mayo Clinic ku America anapeza kuti akuluakulu 34 okha pa 100 ndiwo anali ndi matumbo ochira patapita zaka 2, ndipo 66 pa 100 patapita zaka 5, ngakhale kuti ambiri mwa iwo ankanena kuti akupeza bwino.

Kuchedwa kumeneku kumalongosola chifukwa chake kutopa sikutha msanga. Ayironi ndi folate zimayamwidwa makamaka kumayambiriro kwa matumbo aang'ono, kumene matendawa amaononga kwambiri, ndipo kubwezeretsa magazi kumatenga miyezi. Mafupa amalimba pang'onopang'ono, makamaka m'chaka choyamba, koma mwa amene anawapeza ndi matendawa ali achikulire sabwerera nthawi zonse mwakale. Dzanzi ndi kuyenda mwadzandidzandi zikhoza kungoleka kukula osatheratu. Totupa toyabwa kwambiri ta celiac ya pakhungu yotchedwa dermatitis herpetiformis, timene timatuluka m'zigongono, m'mawondo, m'matako ndi m'mutu, timatha kutenga chaka kapena zaka 2 tisanatheretu, n'chifukwa chake madokotala amapereka mankhwala a dapsone poyembekezera kuti chakudya chigwire ntchito.

Kupeza bwino si umboni wa celiac

Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, ndipo n'zomveka. Munthu wavutika zaka, wasiya tirigu, m'mimba mwakhala bata, ndiye akayikirenji? Koma mu tirigu simuli gluten yekha. Mulinso mtundu wa shuga wotchedwa fructan, umene sugayika m'matumbo aang'ono. Ukafika m'matumbo aakulu tizilombo ta m'menemo timauwitsa, n'kutulutsa mpweya. Fructan yemweyo amapezeka mu anyezi ndi adyo. Anthu a matenda a IBS, amene matumbo awo amamva msanga kutambasuka, amapeza bwino akasiya buledi pa chifukwa chimenechi.

Mu 2013 akatswiri a ku yunivesite ya Monash ku Melbourne anayeza anthu 37 opanda celiac amene ankakhulupirira kuti gluten amawadwalitsa. Onse anapeza bwino atachepetsa mashuga osagayika a mtundu umenewu, ndipo atapatsidwa gluten mosadziwa, ochepa kwambiri ndiwo anasonyeza kuti vuto lawo ndi gluten weniweni. Mu 2018 ku Oslo, Gry Skodje ndi anzake anapatsa anthu 59 timitanda ta chakudya tofanana maonekedwe, tina tokhala ndi gluten, tina fructan, tina topanda zonse ziwiri. Zizindikiro zinakula kwambiri pa fructan, pamene gluten sanasiyane ndi timitanda topanda kanthu.

Zimenezi sizitanthauza kuti ululu wa anthu amenewa ndi wongoganizira. Ndi weniweni, koma gwero lake ndi lina, ndipo kusiyanako kuli ndi zotsatira. Munthu wa IBS angathe kudya buledi pang'ono tsiku la ukwati popanda kuononga thupi. Munthu wa celiac sangatero, amafunika kuyezedwa magazi ndi mafupa, ndipo ana ake ndi abale ake amafunika kuyezedwanso. Palinso kusagwirizana ndi tirigu kumene kumabweretsa zidzolo, kutupa milomo kapena kubanika pasanapite nthawi yaitali munthu atadya, ndipo kumeneku kumayezedwa mwa njira yake.

Vuto la kusiya usanayezetse

Kuyeza celiac kumayamba ndi magazi, pofufuza antibodi yotchedwa tTG-IgA, pamodzi ndi mlingo wa IgA yense, chifukwa odwala 2 kapena 3 pa 100 alionse amakhala ndi IgA wochepa mwachibadwa ndipo zotsatira zawo zimatha kuoneka zabwino mwachinyengo. Magazi akasonyeza vuto, dokotala amalowetsa kachubu kokhala ndi kamera kudzera m'kamwa n'kutapa tizidutswa ta matumbo toti tikaonedwe pa maikulosikopu. Kwa ana, malangizo a bungwe la ku Ulaya la ESPGHAN a mu 2020 amalola kutsimikiza matendawa popanda kutapa matumbo ngati tTG-IgA yakwera kuwirikiza ka 10 pa malire ake, ndipo magazi otengedwa ulendo wachiwiri asonyezanso antibodi ina yotchedwa EMA.

Njira zonsezi zimafufuza zimene gluten akuchita m'thupi pa nthawiyo. Gluten akachotsedwa, maantibodi amatsika ndipo matumbo amayamba kuchira, mwakuti munthu wodwaladi angathe kuuzidwa kuti alibe vuto. Amene wasiya kale amatsala ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi kuyeza majini, kumene sikudalira chakudya. Ngati alibe HLA-DQ2 kapena DQ8, celiac ndi yokayikitsa kwambiri ndipo mpofunika kufufuza vuto lina. Ngati ali nawo, funso limakhala lisanayankhidwe, poti anthu ambiri athanzi alinso nawo.

Njira yachiwiri ndi kubwereranso ku gluten mwadala, moyang'aniridwa ndi dokotala. Malangizo a mu 2015 a bungwe la zaumoyo la NICE la ku England amati munthu adye gluten pa chakudya choposa chimodzi tsiku lililonse kwa masabata osachepera 6 asanayezedwe. Kafukufuku wa Daniel Leffler ndi anzake ku Boston mu 2013 anaonetsa kuti magalamu 3 patsiku, pafupifupi masilayisi awiri a buledi, kwa masiku 14 amasintha kale matumbo mwa odwala ambiri, choncho amene akulephera kupirira amatha kufupikitsiridwa nthawi, ngakhale kuti maantibodi amachedwerapo kukwera. Masabata amenewa ndi owawa kwa munthu amene analawa kale kupeza bwino, ndipo ambiri amakana kuwayamba, n'kukhala moyo wonse osadziwa dzina la matenda awo. Madokotala sakonda kugwiritsa ntchito njira imeneyi kwa mayi woyembekezera, kwa mwana wosakwana zaka 5 kapena pa nthawi imene mwana akutha msinkhu. Ichi n'chifukwa chake langizo lothandiza kwambiri kwa munthu wodzikayikira ndi kutengetsa magazi adakadya buledi. Amene wangosiya masiku ochepa apitawo asachedwe, ndipo auze dokotala tsiku limene anasiya.

Zizindikiro zikapitirira

Pakati pa odwala otsimikizika, ena amakhalabe ndi zizindikiro patapita miyezi 6 mpaka 12. Chifukwa chofala kuposa zonse ndi gluten wolowa mobisika. Mlingo wovulaza ndi wochepa modabwitsa. Carlo Catassi ndi anzake ku Italy anaonetsa mu 2007 kuti mamiligalamu 50 patsiku kwa masiku 90, zimene ndi nyenyeswa chabe za buledi, amaononga ma villi. Muyezo wa zakudya wa padziko lonse wa Codex Alimentarius umalola chakudya kulembedwa kuti chilibe gluten ngati sichiposa mamiligalamu 20 pa kilogalamu. Gluten amabisala mu soseji, supu wa m'mapaketi, msuzi wokhuthalitsidwa ndi fulawa, soya sauce, mowa wa barele, ndi oats amene anasakanikirana ndi tirigu kumunda kapena kufakitale. Amadutsanso pa mpeni umene wadula buledi n'kulowa mu majarini, pa sefa imene yasefa fulawa, ndi m'mafuta amene akazingira mandasi kenako tchipisi. Mkate wa Ukaristia ndi wa tirigu, ndipo mpingo wa Katolika, m'kalata ya ku Vatican ya mu 2003, unalola mkate wa gluten wochepa kwambiri kapena kulandira vinyo yekha.

Chifukwa china ndi mkaka. Enzaimu yogaya shuga wa mumkaka imakhala kunsonga za ma villi, choncho ma villi akaphwa mkaka umatsegula m'mimba ngakhale gluten atachotsedwa. Nthawi zambiri vutoli limatha matumbo akachira, ndipo poyembekezera kuchirako ambiri amatha kumwa yogati kapena chambiko pang'ono. Zina zimene dokotala amafufuza ndi IBS yokhala limodzi ndi celiac, kuchulukana kwa mabakiteriya m'matumbo aang'ono, kutupa kwa matumbo aakulu kooneka pa maikulosikopu pokha, ndi kapamba wosatulutsa madzi ogaya chakudya okwanira. Mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi, otchedwa olmesartan, anapezeka mu 2012 kuti amatha kuphwetsa ma villi mofanana ndi celiac. Pamapeto pali celiac yosamva chakudya, imene imagwira pafupifupi wodwala mmodzi pa 100, makamaka achikulire, ndipo mtundu wina wa celiac imeneyi umatha kusanduka khansa ya m'matumbo. Kuwonda kosalekeza, magazi m'chimbudzi kapena chimbudzi chakuda, kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kusanza kosatha si zizindikiro zoti munthu azidikira kuti zitha zokha, ndipo zimafuna chipatala mwamsanga.

Kumene chakudya chenicheni si tirigu

Kale anthu ankaganiza kuti celiac ndi matenda a azungu okha. Maganizo amenewa anagwa mu 1999 pamene Catassi anayeza ana a mtundu wa Sahrawi m'misasa ya anthu othawa kwawo ku Algeria, kumene fulawa ya tirigu ndiyo chakudya cha tsiku ndi tsiku, n'kupeza kuti 5.6 pa 100 anali ndi zizindikiro za matendawa m'magazi. Amapezekanso kwambiri kumpoto kwa India ndi ku Middle East.

M'madera odya nsima, zakudya zambiri za makolo zilibe gluten: chimanga, chinangwa, mapira, mawere, mpunga, mbatata, nthochi, nyemba, mtedza, nsomba, nyama ndi masamba. Wodwala wa ku Malawi kapena kum'mawa kwa Zambia safunikira zakudya zodula za m'sitolo, ndipo mgaiwa, nkhwani ndi khobwe zimathandiza pa kudzimbidwa, pamene usipa wodyedwa ndi minga yomwe umapereka kashiamu. Chofunika kusamala nacho ndi chakudya cha m'mawa ndi cha pamsewu, monga buledi, masikono, mandasi, samusa ndi sipageti, komanso zigumu ndi zitumbuwa zimene ophika ena amathiramo fulawa. Amene asamukira ku Johannesburg kapena ku Britain, n'kuyamba kudya tirigu katatu patsiku, nthawi zina ndi pamene amayamba kuona vuto.

M'madera odya nsima mulinso chifukwa china chosadzipezera wekha matenda. Kuphwa kwa ma villi ndi kutsegula m'mimba kwa nthawi yaitali kumayambanso ndi tizilombo ta giardia, HIV, chifuwa chachikulu cha m'matumbo, tropical sprue, ndi kutupa kwa matumbo kobwera chifukwa cha madzi ndi malo osasamalika. Matenda amenewa ndi ofala kuno kuposa celiac, ambiri ali ndi mankhwala, ndipo palibe ngakhale amodzi amene amatha posiya buledi. Munthu amene wakhala akutsegula m'mimba kupitirira masabata 4, kapena mwana amene akuwonda ndi kupinimbira, amafunika kuyezedwa chimbudzi, magazi ndi HIV choyamba, ndipo celiac imafufuzidwa pamodzi ndi zimenezi, makamaka ngati pabanja pali wina amene anapezeka nayo kapena wodwalayo ali ndi shuga wa mtundu woyamba.